Mano Amene Ndinavalira Nabanda

Magazi oyamba ndinawaona pa nzimbe. Munali m'chilimwe, patangopita zaka zochepa itatha nkhondo ya Ajeremani, ndipo ndinali ku Sinda, ndikuchokera ku Unsenga ndi mbuzi. Ndinaluma nzimbe kuti ndisende, poyang'ana pomwe ndalumapo nkuona pofiira. Ndinalavula, ndinatembenuza nzimbeyo, nkuluma kwinako. Munthu wogula mbuzi amadziwa kuti palibe chamoyo chopanda kachilema, ndiye ndinati aka ndi kanga, tiyeni nazo.

Ine ndine Phiri, kwathu ndi ku Vubwi kumalire, koma ndinakwatira kufupi ndi Mkaika ndipo ndinkakhala kwa mkazi wanga Nabanda monga mkamwini. Ntchito yanga inali kugula ndi kugulitsa: mbuzi, ng'ombe ndikapeza, mchere wa ku Tete, makasu. Anthu anandipatsa dzina loti Chepetsani, chifukwa mawu amenewo ankatuluka moni asanatuluke. Kulima ndinkalima mwamanyazi chabe, kuti apongozi asanene. Khasu langa lenileni linali pakamwa. Mano anga akutsogolo anali osema, monga tinkachitira anyamata masiku amenewo, ndipo pa malonda ndinkaseka pafupipafupi kuti wogula ayang'ane mano aiwale kuyang'ana mbuzi. Nabanda ankati anandilola chifukwa cha manowo, popeza zina zonse zimene ndinamuuza pomufunsira zinali zabodza.

Mvula itagwa nkhama zinatupa nkuda ngati nthudza zakupsa. Ndikapaka mswachi, magazi. Ndikadzuka m'mawa, magazi pamphasa pomwe panali mutu. Kenako kunabwera fungo. Ndinaona kuti anthu ayamba kuima patali pokambirana nane mtengo, ndiponso akuvomera msanga, moti kwa miyezi ingapo ndinkadzitama kuti luso langa lakula. Nabanda ndiye anandiuza zoona: anthuwo ankathawa mpweya wanga.

Anandiuzanso kuti ndipite ku chipatala cha mishoni, ulendo wa tsiku limodzi kuchokera pamudzi pathu. Ndinati ndipita ndikabwera ku Tete. Nditabwera ku Tete ndinati ndipita ndikagulitsa mchere. Pa maulendo amenewa ndinkadya chimanga chokazinga ndi nyama yofutsa, masabata ndi masabata. Ndiwo zamasamba ndinkati nza anthu okhala pakhomo. M'kamwa ndinkaikamo fodya wosinja, phulusa, ndi muzu wina wowawa umene anandigulitsa munthu wa kwa Apwitikizi. Ameneyo ndinamuchepetsa mtengo bwino lomwe, ndipo muzuwo unagwira ntchito yolingana ndi mtengo wake. Dzino loyamba linatsalira m'chinangwa chowotcha. Silinapweteke nkomwe. Ndinalizula m'chinangwamo, ndinaliyang'ana, nkumaliza kudya.

Ku chipatala ndinapita patatha zaka ziwiri, tsaya lakumanzere litatupa mpaka diso kutsekeka, thupi likutentha, mafinya akutuluka paliponse ndikadina nkhama. Nabanda ndiye anandiperekeza, atasenza mphasa ndi ufa, ine ndikutsatira pambuyo nditamanga nsalu kumutu ngati namfedwa.

Moyo wa pachipatala paja unali wa belu. M'mawa belu, tonse pakhonde, dilesa wake womanga zilonda, dzina lake Aroni, nkutsogolera pemphero ndi nyimbo. Kenako mzere: a zilonda poyamba, a maso pambuyo pawo, azimayi ndi ana, ndipo ife a mano kumapeto, chifukwa adona a chipatalacho ankafuna ayambe awiritsa zopanira zawo. Tinkakhala pansi pa mtengo titagwira masaya, osalankhulana, dzuwa nkufika pamutu. Dokotala ankabwera mwa apo ndi apo. Ntchito yonse inali m'manja mwa adonawo ndi Aroni. Atanditsegula pakamwa adona anabweza mutu, nkunena m'Chinyanja chawo chodukaduka kuti ichi ndi chiseyeye chimene chalowa pansi, ndi kuti ndikanabwera magazi atangoyamba akanandipatsa mandimu ndi masamba basi. Tsopano mano ambiri analibenso pogwira.

Anazula pang'onopang'ono, lero kuzula, mawa kupuma, kuti magazi asandithere. Mankhwala oletsa ululu ankasungira odulidwa miyendo. Aroni ankapana mutu wanga m'khwapa mwake monga momwe ine ndinkagwirira mbuzi. Tsiku lozula osema aja Nabanda anatuluka panja, ndipo sanabwere mpaka atataya beseni. Pakati pa kuzulako ndinkachukucha madzi amchere, kumwa madzi a mandimu amene ankaluma m'mabala ngati linthumbu, ndi kumeza nkhwani wosinja. Tinakhala kumeneko mpaka mwezi unafa nkubadwa wina. Kutupa kunaphwa, kutentha kunatha. Ndinatuluka ndi mano anayi apansi akutsogolo, ogwedera, ndi zitsa zingapo za mano amene anathyoka pozula.

Kunyumba ndinadziyang'ana m'madzi a mumtsuko nkuona agogo anga aamuna. Masaya analowa, chibwano chinakwera kukapereka moni kwa mphuno. Koma choopsa chinali mawu. Ndikalankhula ankatuluka ofewa, osweka, ngati a munthu amene wamwa kuyambira dzulo, ndipo anthu ankati, “Mwati bwanji?” Wamalonda akafunsidwa kawiri kuti mwati bwanji, malonda atha. Ndinayamba kugwira dzanja pakamwa, ndipo kuseka ndinasiya.

Nabanda yekha ndiye anaphunzira kundimva. Sindidziwa anachita bwanji. Anayamba kupita nane kokagula mbuzi m'midzi yapafupi, ine nkumang'ung'udza kuseri kwa dzanja, iye nkumamasulira: “Akuti mbuzi yanuyi ndi yokalamba, inaona nkhondo ya Angoni.” Nthawi zina ankawonjezera zake zimene sindinanene, zabwino kuposa zanga. Chakudya changa chonse chinkadutsa mumtondo mwake: nyama ankasinja, nyemba ankapota, mtedza ankapera nkuthira m'phala. Ana athu awiri anatisiya chaka cha chimfine chachikulu chija, ndiye ankati Mulungu wamubwezera khanda, koma la ndevu.

Kutsokomola kwake kunayamba m'dzinja la chaka chotsatira. Poyamba tinati ndi utsi wa nkhuni zonyowa. Kenako anayamba kutuluka thukuta pogona, nsalu inayamba kumuzungulira kawiri, ndipo nthawi yokolola ndinamuona akukwirira ndi phazi malovu ofiira pafupi ndi mtondo. Ulendo uno sindinanene za Tete. Tinapita sabata yomweyo. Adona anamvetsera pamsana pake nthawi yaitali, kenako ananditengera pambali. Anati ndi chifuwa chachikulu, mankhwala ake palibe, koma kupuma, mkaka ndi mpweya wabwino, ndipo asagwirenso munsi. Anati mwina afika mvula ikubwerayi, mwina ayi.

Nabanda sanalole kuti ndimubisire. Pobwerera, titakhala pamthunzi m'mbali mwa mtsinje wa Katete, anati, “A Phiri, kufa sindikuopa, ana anga ali komweko. Chimene chikundisowetsa mtendere ndinu. Ndikapita abale anga adzakusudzulani, mudzabwerera ku Vubwi. Kumeneko amayi anu kulibe, alongo anu kulibe. Adzakusinjirani ndani? Adzakumvani ndani?”

Ndinati ndidzakwatira mtsikana wa mikono yolimba.

“Ndi m'kamwa momwemo?”

Tinaseka, ine dzanja lili pakamwa. Koma munsi sanausiye. Ndikaubisa ankabwereka kwa anansi, nkumasinja atakhala pansi, akupuma pakati. Mng'ono wake akati amuthandize ankakana, ati amasiya zibuluma ndipo a Phiri atsamwa. Ndinayesa kusinja ndekha, mudzi wonse unabwera kudzaonerera, ndipo iye anandilanda munsiwo ndi manyazi. Ankati adzasiya tsiku limene adzandione ndikutafuna ndekha.

Adona ndiwo anandiuza za mzungu wa mano. Ankabwera ku Fort Jameson nyengo yozizira iliyonse kudzathandiza azungu olima fodya, nkukhala mwezi kapena kupitirira pang'ono, ndipo ankapanga mano oyikirira, ovala ndi kuvula. Anthu akuda sankawalandira, koma adona anali atamusamalapo pa malungo, ndiye anamupempha ndipo analola. Aroni ankapita ku Boma komweko kukatenga katundu wa chipatala, choncho tinatsagana, kuti akandimasulire. Iye anali atazolowera odwala opanda mano, ndipo theka la mawu anga ankalitola. Nditamuuza Nabanda kuti ndikachedwa masabata angapo, anangoti, “Pitani, mundipeza.” Ndinamusiya m'manja mwa mng'ono wake.

Mzunguyo anandionera kukhonde lakumbuyo, pa mpando wa kukhitchini. Tinadikira kuyambira m'mawa, azungu akulowa kutsogolo ndi kutuluka atagwira timipango pakamwa, mpaka mthunzi wa nyumba unatembenuka. Anali munthu wokalamba, wosafulumira. Ine ndinkayembekeza kuti atulutsa mano m'bokosi ndiyese ngati zipewa za m'sitolo ya Amwenye, koma anayamba ndi mafunso. Mano anachoka liti, ndipo chifukwa chiyani? Magazi akutulukabe? Ndimadya chiyani? Ndimatsokomola? M'kamwa mumauma? Ntchito yanga njotani, ndipo manowo ndikuwafunira kudya kapena kulankhula? Kenako anasamba m'manja nkulowa. Anakweza milomo, anayendetsa chala pa nkhama zonse, zapamwamba ndi zapansi, akudina kuti amve pofewa ndi pamene pali fupa. Anagwedeza mano anayi aja limodzilimodzi. Anapeza zitsa zonse, ndi china chimene ine sindinkachidziwa. Anayang'ana kumwamba kwa m'kamwa, anandiuza nditulutse lilime, ndiyasamule, nditseke, ndimeze malovu, iye akuyang'ana cham'mbali momwe nsagwada zikukumanira. Ine ndatsegula pakamwa pa ng'ombe zosawerengeka nkumapukusa mutu kuti mwini wake agwe mphwayi. Tsiku limenelo ndinadziwa momwe ng'ombe imamvera, pakuti anapukusa mutu ndendende momwe ndimachitira ine.

Chigamulo chake Aroni anachimasulira motere. Mano anayiwo akanakhala olimba akanawasiya kuti akolekepo oyikirira apansi, pakuti apansi ndiwo amavuta kukhazikika. Koma atha, ayenera kuchoka pamodzi ndi zitsa. Zikachoka, nkhama zimapola pamwamba msanga, koma pansi fupa limapitiriza kuphwa kwa miyezi yambiri, monga dothi la padzenje lokwiriridwa kumene. Mano opangidwa nkhama zisanakhazikike amakwana lero, mawa nkukhwepa, nkuyamba kupala zilonda. Choncho azula tsopano, ine ndipite kwathu ndikadye bwino, ndidzabwere chaka chamawa nyengo ngati yomweyi kuti adzandiyeze.

Chaka chamawa. Ndinauza Aroni kuti awauze achepetse.

“A Phiri, pano si pamsika.”

“Inu masulirani.”

Mtengo wa manowo sindinaukhudze. Ng'ombe zanga zinapita momwe mzunguyo ananenera, ndipo kanali koyamba m'moyo wanga kuvomera mtengo woyamba. Chimene ndinkachepetsa chinali nthawi. Ndinayesa njira zonse zimene ndimadziwa. Ndinati nkhama zanga zimapola msanga ngati za galu. Anati ayi. Ndinati kuli wina ku Tete amene amapanga osadikira. Anati ndipite ku Tete. Ndinanyamuka ngati ndikupita, monga timachitira, ndikuyenda pang'onopang'ono kuti andiitane. Sanandiitane, anayamba kutsuka zida zake. Ndinabwerera ndekha kuchokera pamasitepe. Nzeru zitandithera ndinanena zoona, chinthu chimene pa malonda ndinali ndisanachiyesepo. Ndinati mkazi wanga sadzafika chaka chamawa, akusinja chakudya changa ndi chifuwa chotuluka magazi, ndipo sasiya mpaka ataona ndikutafuna ndekha.

Mzunguyo anapukuta manja nthawi yaitali. Kenako anati apanga asanachoke, koma ndimve bwino: manowo adzapweteka kuyambira tsiku loyamba, mvula ikamadzagwa adzakhala atakhwepa, ndipo chaka chamawa adzayenera kupanga ena. Anati ndisadzanene kuti sanandiuze. Ndinavomera ndi manja awiri.

Anazula tsiku lomwelo. Aroni anabwerera ku mishoni, nandisiya kwa mbale wake kuseri kwa msika. Zotsalazo ine ndi mzunguyo tinkamvana ndi manja, khukhi wa panyumbapo akuthandiza. Ndinakhala ndikuchukucha madzi amchere ndi kufufuza mabala ndi lilime m'mawa uliwonse, ngati kufufuzako kuwafulumiza. Aliyense wochokera njira ya kwathu ndinkamuimitsa kuti ndimve za Nabanda, koma ambiri sankandimva chomwe ndikufunsa. Mabala atangotseka pamwamba mzunguyo anandiitana. Anadzaza chisupuni chokhota ndi phala loyera, nkulikanikiza kumwamba kwa m'kamwa mpaka linauma ngati mwala; ine ndikufuna kusanza, iye akuloza mphuno kuti ndipumire m'menemo. Anachitanso chimodzimodzi pansi. Tsiku lina anandiika phula m'kamwa kuti ndilume, akulisenga ndi mpeni wotentha, akuyeza kuchokera pamphuno kufika pachibwano kuti nkhope ibwerere pamalo pake. Anatulutsa timano tambirimbiri tomata pa kathabwa, akutiyandikiza ku nkhope yanga kuti asankhe kukula ndi mtundu wake. Ndinapempha kuti akutsogolo awaseme ngati anga akale, kuti Nabanda andizindikire. Anati ndi adothi lowotcha ngati makapu a tiyi, angasweke. Apo sindinalimbikire.

Manowo anatuluka mumphika wake wachitsulo ali pa nkhama zofiira za mphira wolimba, oyera, ofanana, aulemu ngati a mphunzitsi. Anandiphunzitsa kuvala ndi kuvula, kutsuka, ndi kuwasiya m'madzi pogona. Anati ndiyambe ndi zofewa, zolimba ndidikire. Njira yonse yobwerera ndinawanyamula m'kansalu, chifukwa ndikavala mtunda pang'ono ankawotcha ngati makala. Ndinawavala nditaona denga la nyumba yathu.

Nabanda anali pakhonde, atagona pamphasa padzuwa, munsi wobwereka uli pambali pake. Pa masabata amenewo anali atatha kwambiri. Ndinaima patsogolo pake, ndinachotsa dzanja pakamwa, nkuseka.

Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anaitana mng'ono wake. “Bwera udzaone, kwabwera alendo. Afunse ngati akumana ndi amuna anga panjira.”

“Ndine ndemwe,” ndinatero, manowo akugundana ngati ziboda.

“Amuna anga sanali okongola chonchi. Manowo mwawatola kuti, pa maliro a mzungu?”

“Atsopano, Nabanda. Oyeza ine.”

“Kuseka akuseka. Nanga kudya amadya?”

Ndinkadziwa kuti funso limenelo libwera. Ndinapempha mlamu wanga akazinge mtedza. Ndinakhala pafupi ndi mphasa, ndinatapa dzanja lodzaza, nkuponya m'kamwa monga ndinkachitira kale. Zimene ndinamva sindingazilembe bwino. Zidutswa zinalowa pansi pa mphira nkukhala pamabala, ndipo kutafuna kulikonse kunali ngati kuponda minga ndi nkhama. Maso anadzaza misozi, ndinati ndi utsi. Ndinameza mtedza pamodzi ndi magazi, ndinatapanso, ndikumuyang'ana. Nabanda ankatsatira nsagwada zanga ndi maso, kukwera ndi kutsika. Nditamaliza anapumira m'mwamba, nati kwa mng'ono wake, “Munsi uwu ukabweze kwa eni ake.”

Kuyambira tsiku limenelo sanasinjenso. Ine ndinkadya pamaso pake tsiku lililonse chilichonse cholimba chimene chinalipo, ndipo ndikatha ndinkapita kuseri kwa nkhokwe kukavula ndi kulavula. Zilonda zinatuluka pansi pa lilime ndi m'mbali mwa masaya. Monga ananenera mzungu uja, chilimwe chisanafike pachimake apansi anayamba kuyandama. Ndikalankhula ankanyamuka, ine nkuwabweza ndi lilime. Anthu ena ankandimva bwinoko kusiyana ndi kale. Nabanda ndiye anayamba kunena kuti, “Mwati bwanji?”

Tsiku lina masana, atalephera kundimva mobwerezabwereza, anati, “Vulani zimenezo, ndipatseni kuno.” Ndinakana. Anatambasula dzanja osalibweza. Ndinavula. Anawatembenuza, anaona magazi ouma m'kati mwa mphira, anasolola kansanza kamene ndinkapinda pansi pa apansi kuti asagwedere. Anapempha madzi nkuwatsuka yekha, pang'onopang'ono, ndi zala zimene zinali zitatsala mafupa okha.

“Mwandigulitsa mbuzi yodwala, a Chepetsani.”

Ndinayamba kufotokoza.

“Ndinaona tsiku lomwe lija la mtedza. Utsi unachokera kuti, moto uli kuseri kwa nyumba?” Anatsokomola, anapuma. “Ndinakusiyani chifukwa mikono inali itatopa, ndipo ndinkafuna wina andinamize bwino. Tsopano ndiuzeni zimene ananena mzunguyo, zonse, osachepetsa.”

Ndinamuuza, ndi m'kamwa mwanga mopanda kanthu, ndipo anamva liwu lililonse. Anafunsa ngati achiwiriwo adzakwanadi. Ndinati mzunguyo anatero, nkhama zikakhazikika. Anati ndiye awa ndiwaike m'madzi, ndidye phala, mng'ono wake andiphikira iye akadalipo; ndipo chaka chamawa ndidzapite, ndidzakhale pa mpando umenewo ngati munthu, chimene adzanene ndidzavomere. Anandiuza ndilonjeze. Ndinalonjeza. Anati malonjezo anga amawadziwa, ndilonjezenso pamaso pa mkulu wa mpingo, ndipo anamuitanitsadi.

Masiku ake otsala ndinalankhula naye wopanda mano. Sitinakambe zazikulu. Ankandifunsa za njira ya ku Tete imene sanaionepo, za mtsinje waukulu ndi mabwato ake, ine nkumamuuza, kuwonjezera apa ndi apo, iye nkumandigwira pomwe ndawonjezera. Mawu atamuthera ankangondikanda dzanja ndikanama. Anamwalira mvula yoyamba itagwa, anthu ali kumunda kubzala.

Titameta, abale ake anandisudzula mwaulemu, ndipo ndinabwerera ku Vubwi ndi mphasa, kansalu ka mano ndi mbuzi imodzi. Dzinja limenelo ndinadwala kuposa poyamba. Phala ndinkaphika ndekha, lero kuphika, mawa kungoyang'ana mphika. Zilonda za m'kamwa zinachedwa kupola, miyendo inatupa, ndipo nkhama zinayambanso kuchucha magazi. Ulendo uno ndinachizindikira. Ndinapempha mandimu ndi masamba kwa anansi ndi manja, popeza mawu anga sankawamva, ndipo nditapeza mphamvu ndinayenda ulendo wautali uja kupita kwa adona. Anandisunga mpaka magazi analeka. Sindinganame kuti ndinkafuna kuchira. Ndinali nditalonjeza pamaso pa mkulu wa mpingo, basi.

Nyengo yozizira itafika ndinakhalanso pa mpando wa kukhitchini uja, Aroni ataima pambali. Mzunguyo anayamba ndi mafunso omwe aja, nkuwonjezera limodzi, la mkazi wanga. Aroni anayankha m'malo mwanga. Kenako mzunguyo anasamba m'manja. Anayendetsa chala pa nkhama nati tsopano zalimba, ngakhale zapansi zaphwa kwambiri, moti mano apansi sadzagwira ngati apamwamba. Ndidzayenera kuphunzira kuwasunga ndi lilime ndi masaya. Anandionetsa akale aja powaika m'kamwa: pansi pake panali malo olowa chala. Anapezanso kafupa kosongoka kumanzere, nati akapale kaye, ndidikire papole, pamenepo ndiye ayeze. Ndinati chabwino. Aroni ananditembenukira kuti aone ngati ndine ndemwe.

Achiwiriwa ndi amene ndili nawo mpaka lero. Masiku oyamba anandipweteka malo awiri, ndinabwerera mzunguyo asanachoke, anapala pang'ono, kunatha. Ndinayamba ndi mbatata ndi maungu, ndikutafuna mbali zonse ziwiri nthawi imodzi monga anandiphunzitsira, kenako nyama. Kulankhula ndinaphunzira ndikuyenda ndekha m'njira, ndikutsutsana mtengo ndi zitsamba. Thupi linabwerera, magazi sanabwerenso, ndipo sindiyenda ulendo wopanda mandimu m'thumba. Pogona ndimawavula kuti nkhama zipume, m'mawa kuwatsuka. Malonda ndinayambiranso. Anthu amandimva kamodzi kokha, ndipo ena amati ndimalankhula bwino kuposa kale. Mtedza wokazinga ndimatafuna popanda vuto, koma sindiukonda.

Kwa inu amene mukuwerenga ndikuti, nkhama zikayamba kutuluka magazi pitani ku chipatala sabata yomweyo; katundu wanu adzakudikirani. Dzino lililonse lolimba limene mwapulumutsa ndi pokolekapo ena mawa. Akafika pozula onse nkukuuzani kuti mudikire nkhama zikhazikike, dikirani, pakuti mzungu mungamunyengerere koma fupa silimva. Ndipo musaganize kuti matenda a m'kamwa mwanu ndi anu nokha. Anga anadya mphamvu za munthu amene ankafunika kupuma, ndipo mwezi umene ndinakakhala ku Boma kudikira mano osakwana unali umodzi wa miyezi yake yomaliza. Ndayenda misika yambiri kuyambira pamenepo, ndipo mwezi umenewo palibe amene angandigulitsenso, ngakhale nditavomera mtengo woyamba.